Mwana Akakhosomola, Kodi Anesi Tiwauze Zonse?

Miyezi ya June ndi July ikafika, ndi nyumba zowerengeka zimene zimagona osamva mwana akukhosomola usiku. Mphepo ikatha kumabwera fumbi la August ndi September, cifuwa n'kumapitirirabe. Ndiye cifukwa cake ambiri a ife tinauzolowera ulendo wa ku kiliniki: kubereka mwana mbandakuca, kukhala pa benci, kudikira kuti dzina liitanidwe. Pa ulendo umenewu pali funso limodzi limene sitikambirana kawiri-kawiri, ngakhale pa misonkhano yathu. Mukakhala pamaso pa anesi, kodi muli ndi udindo wonena zonse monga mmene zinacitikira, kapena mai ali ndi ufulu wokonzako nkhani pang'ono kuti mwana wake athandizike?

Musafulumire kuyankha. Tonse tinaphunzitsidwa kuti bodza ndi loipa, koma bodza la ku cipatala silimveka ngati bodza. Palibe amene waberedwa ndalama, palibe amene wanamiziridwa mlandu. Pali mai wotopa, wamantha, amene akufuna kuti mwana wake acire. Ena amalicha bodza la cikondi. Tiyeni tiliike pa sikelo bodza limeneli, tione ngati likulemera monga mmene timaganizira.

Mabodza awiri

Bodza loyamba ndi la kubisa. Anesi afunsa, "Kodi mwamupatsako mankhwala alionse kunyumba?" Mai ayankha kuti iai, pamene dzulo anatsegula kapisozi wotsala wa abambo n'kumusungunulira mwana, kapena agogo anamumwetsa mizu, kapena aneba anapereka mapiritsi awiri a Coartem. Anesi afunsanso, "Cifuwa cinayamba liti?" Mai ati dzulo, pamene papita sabata yathunthu. Amatero cifukwa coopa kukalipiridwa pamaso pa anthu kuti anacedwa.

Bodza laciwiri ndi la kuonjezera. Mwana ali ndi cimfine cabe, akuyamwa bwino, akusewera. Koma mai wayenda mtunda wautali, mwina walipira njinga ndi ndalama ya ndiwo, ndipo akuopa kubwerera ndi Panado yekha. Conco anena kuti mwana akusanza ciriconse, kapena kuti usiku anakomoka, kuti aonedwe msanga ndi kupatsidwa jekeseni.

Mabodza onsewa amacokera m'mantha ndi m'cikondi. Mai wotere sitingamuike pamodzi ndi wakuba kapena wamiseche. Komabe funso lidakalipo: kodi cikondi cimene cabala bodzalo cimalisandutsa labwino?

Mwana alibe pakamwa pena koma panu

Mwana wa miyezi 8 sangathe kunena kuti m'nthiti mukumulasa. Anesi amamuona kwa mphindi zocepa, pamene inu mwamuona usiku utatu. M'makiliniki ambiri mulibe makina ounikira m'cifuwa. Zida za anesi ndi maso ao, wochi, coyezera kutentha kwa thupi, kacipangizo koyezera malungo, ndi mafunso amene amakufunsani. Mwa zida zonsezi, mayankho anu ndiwo amene amatsogolera zinazo. Mayankho akakhota, ciweruzo ca anesi cikhotanso, ndipo mankhwala amene atuluke pa windo adzakhala a mwana wa m'nkhani yanu, pamene amene adzawamwe ndi mwana amene ali kumbuyo kwanu.

Apa ndi pamene bodza la ku cipatala limasiyana ndi mabodza ena. Munthu akanama pa msika, amene wapusitsidwa ndi wogula, wonamayo n'kupita ndi phindu lake. Mai akanama ku kiliniki, anesi sataya kanthu. Wotayikiridwa ndi yemweyo amene bodzalo linanenedwa kuti limuthandize.

Nkhaniyi si yaing'ono. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'caka ca 2019 cibayo cinapha ana osafika zaka 5 opitirira 700,000 pa dziko lonse, kutanthauza pafupifupi imfa 14 mwa imfa 100 zirizonse za ana a msinkhu umenewu. Koma n'zoonanso kuti zifuwa zambiri za ana ndi cimfine wamba, cimene cimatha cokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Nchito yonse ya anesi ndi kusiyanitsa ziwirizi, cimfine cosapha ndi cibayo cakupha, ndipo nchito imeneyi sangaigwire okha.

Kunena zoona kumayamba ndi kuona bwino

Munthu sanganene zoona za cinthu cimene sanacipenyetsetse. Mau akuti "mwana sali bwino" ndi oona, koma sathandiza kwambiri. Conco udindo woyamba wa mai, asanabereke n'komwe mwana, ndiwo kuyang'ana modekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi kuwerenga kapumidwe. Dikirani mwana akhale cete kapena agone, cifukwa mwana amene akulira amapuma mofulumira ngakhale alibe bvuto. Kwezani malaya ake muone cifuwa ndi mimba. Kukwera ndi kutsika kamodzi muwerenge kuti 1. Werengani kwa mphindi imodzi yathunthu, wina atakugwirirani foni kapena wochi, ndipo mubwerezenso kaciwiri kuti mutsimikize. Mwana wosafika miyezi 2 akupuma mofulumira ngati wafika 60 kapena kuposerapo. Wa miyezi 2 mpaka miyezi 11, malire ndi 50. Wa caka cimodzi mpaka zaka 5, malire ndi 40. Manambala amenewa ndi omwewo amene anesi amagwiritsa nchito. Mwana wokhosomola amene wafika pa malirewo aonedwe ku kiliniki tsiku lomwelo.

Kenaka yang'anani m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwino akamakoka mpweya, cifuwa conse cimafufuma. Ngati pokoka mpweya m'munsi mwa cifuwa mukulowa m'kati, ndipo zikucitika nthawi iriyonse ngakhale ali cete, ndiye kuti mapapo akubvutika.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira kuti kuce. Mwana akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza ciriconse cimene walandira, akakomoka ndi kugwedezeka thupi, akafooka kotero kuti n'kobvuta kumudzutsa, akamalira pakhosi pokoka mpweya pamene ali cete, kapena milomo ndi lilime zikasintha mtundu n'kuoneka zakuda, nyamukani nthawi yomweyo. Musadikire abambo abwere ku ulendo, musadikire kuti muyambe mwayesa mankhwala ena. Khanda losafika miyezi 2 likatentha thupi, likazizira modabwitsa, likamabuula popuma kapena likasiya kuyamwa, ndi cimodzimodzi. Sungani m'mutu tsiku limene cifuwa cinayamba, pakuti cifuwa copitirira masiku 14 cimafunika kufufuzidwa mwapadera.

Ngati palibe cizindikiro ciriconse mwa izi, mwana angathe kusamalidwa kunyumba mukumuyang'anira. Muyamwitseni pafupi-pafupi, wamkulupo mumupatse madzi ndi phala kawiri-kawiri, mupukuteni m'mphuno, ndipo mumucotse pa utsi wa nkhuni, wa mbaula ndi wa fodya. Mbaula ya malasha isagone m'cipinda cotseka, ngakhale kuzizire bwanji, cifukwa mpweya wake umapha mwakacetecete. Mwana wopitirira caka cimodzi mungamupatse uci pang'ono m'madzi ofunda kuti pakhosi pafewe. Wosafika caka asalawe uci, ndipo aspirin si mankhwala a ana.

Zimene timabisa, ndi zimene zimatsatira

Tsopano tione cimene cimacitika pamene mai wabisa mankhwala a kunyumba. Tiyambe ndi Panado. Kumupatsa mwana wotentha thupi Panado pa muyezo woyenera si kulakwa. Koma Panado amatsitsa kutentha kwa maola angapo, ndipo mukafika ku kiliniki coyezera cingasonyeze kuti thupi liri bwino. Mukanena kuti munamupatsa m'ma 6 koloko m'mawa, anesi adzadziwa mowerengera. Ndiponso mankhwala ena a madzi a cimfine amakhala ndi Panado kale m'kati mwake. Mwana akamamwa onse awiri, kenaka n'kuonjezeredwa wina wa ku kiliniki, ciwindi cake cingaonongeke.

Caciwiri ndi Coartem. Mwana wokhosomola amene watenthanso thupi kawiri-kawiri amayezedwa malungo, cifukwa malungo naonso amafulumizitsa kapumidwe. Amamubaya pa cala, ndipo zotsatira zimatuluka pa mphindi 15 kapena 20. Kacipangizo kameneka kamaona zotsalira za tizirombo ta malungo m'magazi, ndipo zotsalirazo zingakhalemo kwa masabata angapo munthu atacira kale. Ngati mwana anamaliza Coartem masabata awiri apitawo inu n'kubisa, kacipangizo kangasonyeze malungo pamene bvuto la lero liri m'cifuwa. Komanso mapiritsi awiri kapena atatu opempha kwa aneba angacepetse tizirombo osatimaliza, woyang'ana magazi pa makina n'kulephera kutiona. M'njira zonse ziwiri, cimene cingakonze colakwikaco ndi mau anu.

Cacitatu ndi amoxicillin. Awa ndiwo mankhwala oyamba a cibayo ca ana, ndipo amagwira nchito bwino akaperekedwa pa muyezo wolingana ndi mwana ndi kumwedwa masiku onse. Tiyerekeze kuti mwana wamwa amoxicillin wogula kwa masiku atatu, koma akupumabe mofulumira. Anesi akadziwa zimenezi, adzaona ngati muyezo unali wocepa, kapena ngati mwana afunika mankhwala ena ndi kutumizidwa ku cipatala cacikulu. Akapanda kudziwa, adzalemba amoxicillin yemweyo, inu n'kubwerera kunyumba, masiku ena n'kutayikanso. Kwa mwana wodwala cibayo, masiku awiri ndi ambiri.

Cacinai ndi mizu, makungwa, mphini za pa cifuwa ndi mabotolo ogula pa kantemba kapena m'basi. Pano sitikuweruza agogo amene anakumba mizu, pakuti naonso anacita mwa cikondi. Koma anesi ayenera kudziwa ciriconse cimene calowa m'thupi la mwana. Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira impso zao zitaonongeka, ndipo imfazo zinalumikizidwa ndi mankhwala a madzi a cifuwa ndi cimfine amene anali ndi poizoni. Makolo ao anagula mabotolo ooneka bwino, okhala ndi dzina ndi cizindikiro. Botolo lirilonse limene mwana wamwako, liikeni m'cikwama mupite nalo.

Kuonjezera, ndi kukana zotsatira

Nanga bodza lija la kuonjezera? Mau akuti "anakomoka" kapena "sakuyamwa" ali ngati kiyi wa citseko ca pangozi. Anesi akawamva amasiya zonse. Kiyi ameneyu anasungidwira mwana amene moyo wake uli pa ngozi. Mai akamugwiritsa nchito pa cimfine, mwana wake amalowa patsogolo, koma pa benci pangatsale khanda limene likutha mphamvu m'citenje, mai wake ali cete cifukwa ca ulemu. Phindu limene mwapeza mwalitenga kwa mwana ameneyo, ngakhale simukumudziwa dzina. Ndipo mwana wanu yemwe sapindula. Angabayidwe majekeseni osafunika, kapena kutumizidwa ku cipatala cakutali, inu n'kuonongerapo ndalama za ulendo.

Pafupi ndi bodza limeneli pali mcitidwe wokana zotsatira. Mwana wayezedwa, malungo sanapezeke, anesi anena kuti ndi cimfine, ndipo mai atuluka wokwiya n'kukagula Coartem ndi makapisozi yekha. Kuyambira 2010, WHO imalangiza kuti munthu ayambe wayezedwa asanapatsidwe mankhwala a malungo. Cimfine cimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicillin sapha mavairasi. Cimene amacita akamamwedwa cisawawa ndi kuzolowetsa tizirombo tina ta m'thupi, mpaka tsiku lina mankhwalawo n'kuleka kugwira. Mphamvu ya mankhwala amenewa iri ngati citsime ca mudzi. Aliyense amatungapo, ndipo mmodzi akaciononga onse amagona ndi ludzu, kuphatikizapo zidzukulu zake.

Izi sizitanthauza kuti mai azingokhala cete. Safunsa anadya phula. Funsani kuti, "Asista, mwapeza ciani? Ndikaone zizindikiro ziti kuti ndibwerenso?" Mwana akayamba kupuma mofulumira, akasiya kudya kapena kutentha kukapitirira, bwererani popanda manyazi, ngakhale munali komweko dzulo. Ndipo ngati mwana wanu alidi ndi cizindikiro ca ngozi, musakhale kumapeto kwa mzere mwaulemu. Imirirani, pitani kutsogolo, nenani mokweza. Coonadi cimaletsa kukulitsa kanthu kakang'ono, ndipo cimaletsanso kucepetsa cinthu cacikulu.

Mwana wa mnzako

Mpaka pano takamba za mwana wanu. Koma pa benci simukhala nokha. Pa tsiku la sikelo pamakhala makanda a masabata awiri kapena atatu amene sanafike pa katemera wa masabata 6. Katemera woteteza ku tizirombo tina ta cibayo, amene anayamba kuperekedwa kwa ana m'Zambia mu 2013, amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Wa cikuku amayamba pa miyezi 9. Mwana amene sanafike misinkhu imeneyi alibe cishango cokwanira, ndipo citetezo cake ndi khalidwe la amai amene akhala naye pafupi.

Taganizirani za cikuku. Cimayamba ngati cimfine: kukhosomola, mamina, maso ofiira ndi kutentha thupi. Nsungu zimatuluka pambuyo, koma mwana amakhala atayamba kale kupatsira ena masiku 4 zisanaoneke. Kacirombo kake kangakhale mu mpweya wa m'cipinda kwa maola awiri wodwala atatuluka, ndipo mwa anthu 10 opanda citetezo amene akhala pafupi naye, pafupifupi 9 amatenga. Cifuwa cokoka mtima naco cimabvutitsa mwana wamkulu kwa masabata, koma khanda cingaliphe. Conco mukafika ku kiliniki ndi mwana wokhosomola amene ali ndi nsungu kapena maso ofiira, kapena kumudzi kwanu kuli cikuku, nenani pa khomo musanakhale pansi. Mwina adzakukhazikani pa mbali. Anthu adzayang'ana, ndipo zimenezi zimawawa. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu sunena za kugawana nsima cabe.

Matenda a Covid-19 atafika m'dziko muno mu March 2020, tinazolowera kufunsidwa pa geti, kusamba m'manja, kubvala masiki ndi kuyezedwa m'mphuno. WHO inalengeza mu May 2023 kuti matendawa salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ndipo zambiri za masiku aja zinatha. Phunziro lake lisathe nao. Ngati kunyumba kwanu wina wapezeka ndi matenda opatsirana, auzeni anesi poyamba. Ngati inu mwini mukukhosomola, phimbani pakamwa ndi pamphuno. Mwana wosafika zaka 2 asabvekedwe masiki, kungomukhazika patali ndi makanda n'kokwanira.

Cimodzimodzinso ku misonkhano yathu, ku Sande Sukulu ndi ku maliro. Mai amene watsala kunyumba cifukwa mwana wake watentha thupi ndipo akukhosomola asaonedwe ngati waulesi. Wasunga ana a anzake, ndipo ayenera kuyamikiridwa ndi kukaonedwa.

Funso lolasa m'nyumba

Pali funso lina limene limalemera kuposa onse: "Kodi kunyumba kuli wina amene wakhala akukhosomola nthawi yaitali, kapena amene akumwa mankhwala a TB?" Apa mai amaima pakati pa zinthu ziwiri zabwino. Alangizi anatiphunzitsa kusunga cinsinsi ca banja, osatulutsa za m'nyumba pabwalo. Mwina wokhosomolayo ndi mwamuna wake, amene akukana kukayezetsa. Mwina ndi apongozi. Ndipo anthu akamva za TB amayamba kunong'onezana za HIV. Kodi kuyankha zoona sikudzakhala kubvula banja?

Tiyeni tione cimene ciri pa mbali inayo. Cifuwa cacikulu n'cobvuta kucipeza mwa mwana wamng'ono. Mwana sadziwa kutulutsa makhololo, ndipo tizirombo timakhala tocepa, kotero kuti zoyeza zingatuluke zabwino pamene matenda alimo. Cifukwa ca ici, madokotala amadalira kwambiri mbiri: cifuwa cosatha, kuonda kapena kusakwera pa sikelo, kufooka, ndiponso makamaka kukhala nyumba imodzi ndi wodwala TB. Mai akabisa mbiri imeneyi, wacotsa umboni waukulu kuposa wina ulionse. Mwa ana aang'ono TB ingafalikire mpaka ku ubongo. Pamenepo n'kuti TB imacizika, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo mwana wosafika zaka 5 amene amakhala ndi wodwala koma sanayambe kudwala angapatsidwe mankhwala omuteteza. N'cimodzimodzi ndi HIV: anesi akadziwa kuti mai ali nako kacirombo, amamuyeza ndi kumusamala mwanayo mwa njira yoyenera.

Cinsinsi ca banja cinaikidwa kuti citeteze a m'banjamo, ndipo mwana ndi mmodzi wa iwo, wofooka kuposa onse. Cinsinsi cikafika poika moyo wake pa ngozi, ndiye kuti caleka kugwira nchito imene cinaikidwira. Komanso kunena zoona sikufuna kuti mulengeze pa benci. Anthu a pa mzere alibe gawo pa nkhani za m'nyumba mwanu. Amene ayenera kumva ndi wogwira nchito ya cipatala, m'cipinda, motsitsa mau, ndipo nchito yake imamulamula kusunga cinsinsi. Mukabwerera kunyumba, lankhulani ndi abambo mwaulemu, pa awiri, kuti naonso akayezetse. Mwamuna angakwiye tsiku limodzi, koma ndi atate owerengeka amene angasankhe mbiri yao m'malo mwa moyo wa mwana wao atamvetsa bwino.

"Koma anesi amakalipa"

Wina adzati, zonsezi n'zabwino pa pepala, koma simukudziwa mmene amatilankhulira. Dandaulo limeneli ndi loona. Alipo ogwira nchito ena amene amanyoza mai pamaso pa anzake, ndipo kutopa kwao ndi kuculuka kwa odwala sikucotsa kulakwa kwa mcitidwe umenewu. Komabe yerekezani zinthu ziwirizi. Mau owawa amatha pofika kunyumba. Mankhwala olakwika amapita nanu kunyumbako, n'kukalowa m'thupi la mwana m'mawa ndi madzulo. Mai amene amadzuka kasanu usiku cifukwa ca mwana, amene amadzimana ndiwo kuti mwana adye, angathenso kupirira manyazi a mphindi ziwiri cifukwa ca mwana yemweyo. Njira yopepuka ndi kuyamba nokha musanafunsidwe: "Asista, ndiyambe ndanena. Cifuwa catha masiku 6, ndipo kunyumba tamupatsa izi." Mukatero mwacotsa kale mbola.

Mtolo umenewu usasiyidwe pa mutu wa mai wamng'ono yekha. Pakati pa inu amene mukuwerenga pali apongozi, agogo, alangizi ndi manesi. Inu apongozi, ngati ndinu munapereka mizu, muuzeni mpongozi wanu kuti akanene momasuka, kuti asamaope kuti wakunenezani. Inu amene mumayendera odwala, musanyamule makapisozi otsala m'cikwama monga mphatso. Gwirani foni pamene mai akuwerenga kapumidwe, tsalani ndi ana enawo, thandizani ndalama ya ulendo, kapena muperekezeni kuti pa khomo la anesi asaime yekha. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu manesi athu, kumbukirani kuti mai amene wanena zoona n'kucititsidwa manyazi adzanama ulendo wotsatira, ndipo adzalangiza anzake kutero. Mau amodzi akuti "mwacita bwino kundiuza" angapulumutse ana amene simunawaone.

Yankho

Tibwerere ku funso lathu. Kodi mai ali ndi ufulu wokonzako nkhani cifukwa ca cikondi? Taona kuti cikondico n'ceni-ceni, ndiponso kuti mantha ake ali ndi cifukwa. Koma taonanso kumene bodzalo limakagwera. Likakhala la kubisa, limagwera mwana wanu. Likakhala la kuonjezera, limagwera mwana wa mnzanu. Likakhala la kusunga mbiri ya banja, limagwera wamng'ono wa m'banjamo. Palibe pamene limagwera munthu amene angadziteteze. Ndiye cifukwa cake yankho ndi lakuti anesi tiwauze zonse, osacotsapo ndi osaonjezerapo.

Conco, amai anzanga, ulendo wina mwana akadzakhosomola, musananyamuke konzani zinthu izi: khadi la sikelo, mabotolo ndi mapepala a mankhwala onse amene wamwa, tsiku limene cifuwa cinayamba, nambala ya kapumidwe imene mwawerenga, ndi dzina la aliyense wa m'nyumba amene akukhosomola. Nkhaniyi mukaikambirane pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo ngati pali khanda limene lagona pa msana wa mai wake, yesani pamodzi kuwerenga kapumidwe kake, kuti tsiku la bvuto lisadzakhale tsiku loyamba kuphunzira.